Kodi ofesi ya kazembe imagwira nchito yanji?

Komboni ya Kalikiliki, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, inayandikana ndi Mtendere, Kabulonga ndi Ibex Hill. M'Kabulonga ndi Ibex Hill muli nyumba zambiri za akazembe ndi alendo ena ocokera kunja. Kuyambira m'caka ca 2011, ofesi ya kazembe wa dziko la America ili ku Ibex Hill, kumapeto kwa mseu wa Kabulonga, ndipo ya South Africa ili m'Kabulonga momwemo. Anthu ambiri a m'Kalikiliki amalawirira m'mawa kukagwira nchito za ulonda, zophika, zocapa ndi zosamalira maluwa m'mipanda ya m'maderawa. Ena amangoona mbendera zacilendo ndi magalimoto a nambala ya CD akudutsa.

Ngakhale maofesiwa ali pafupi cotero, si onse amene amadziwa nchito yake. Ena amayesa kuti kumeneko kumalembedwa anthu ofuna nchito kunja, ena amayesa kuti kumagawidwa ndalama, pomwe ena amaopa ngakhale kufika pa geti. Anthu acinyengo amadyerapo pa kusadziwa kumeneku. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: ofesi ya kazembe ndi nthambi ya boma la dziko lina, ndipo imatumikira coyamba dziko limene linaituma pamodzi ndi nzika zake. Amene wamvetsa zimenezi amadziwa cimene angapemphe kumeneko ndi cimene ayenera kukapempha kwina.

Kazembe ndi maina a maofesi

Kazembe ndi munthu wotumidwa ndi mtsogoleri wa dziko lake kukakhala m'dziko lina ndi kulankhula m'malo mwa boma lake. Mwambo wotere si wacilendo kwathu kuno. Kuyambira kale mafumu ankatumizirana nduna ndi amithenga, ndipo wotumidwa ndi mfumu ankalandiridwa mwaulemu ngakhale uthenga wake ukhale wowawa.

Kazembe sangofika yekha. Dziko lomutuma limayamba lafunsa boma la Zambia ngati lingamulandire, ndipo boma lili ndi ufulu wokana popanda kupereka cifukwa. Likavomera, kazembeyo amabwera ndi kalata yosainidwa ndi mtsogoleri wa dziko lake, imene amakaipereka kwa mtsogoleri wa dziko lino ku State House. Zokambirana zake ndi boma zimadzera ku unduna woona za maiko akunja.

Pa zikwangwani za maofesiwa pamalembedwa maina osiyana. Maiko a m'bungwe la Commonwealth, monga Malawi, Tanzania, Britain, India ndi South Africa, amachula ofesi yao kuti High Commission. Mozambique nayo ili m'gululi popeza inalowa m'bungwelo mu 1995. Maiko ena, monga America, China, Japan ndi Germany, amati Embassy. Zimbabwe inatuluka mu Commonwealth mu 2003, motero yake ndi Embassy. Maina ndi awiri koma nchito ndi mphamvu n'zofanana. Palinso ofesi yaing'ono yochedwa Consulate, imene kawirikawiri imakhala kunja kwa likulu la dziko ndipo imasamalira makamaka za mapepala, apaulendo ndi malonda. Zambia ili ndi ofesi yotere ku Lubumbashi m'dziko la Congo.

Mu Lusaka, maofesi ambiri a akazembe anasonkhana ku Longacres, m'mbali mwa miseu ya Independence, United Nations ndi Haile Selassie. Ya America inali komweko isanasamukire ku Ibex Hill.

Malamulo amene amawatsogolera

Nchito za akazembe zinalembedwa m'mapangano awiri amene maiko anagwirizana mumzinda wa Vienna ku Austria. La 1961 limanena za akazembe, ndipo la 1963 limanena za maofesi osamalira nzika ndi mapepala. Zambia inaika mfundo za pangano loyambalo m'malamulo ake kudzera m'lamulo lochedwa Diplomatic Immunities and Privileges Act.

Pangano la 1961 limachula nchito zisanu. Kazembe amaimira dziko lake. Amateteza zofuna za dzikolo ndi nzika zake. Amakambirana ndi boma lomulandira. Amafufuza m'njira zololedwa ndi lamulo zimene zikucitika m'dzikomo ndi kudziwitsa boma lake. Potsiriza, amalimbikitsa ubale pa nkhani za cuma, cikhalidwe ndi maphunziro. Ndiye cifukwa cake akazembe amaoneka pa miyambo ya makolo, pa zionetsero za malonda ndi pa nthawi ya masankho: amakhala akuona ndi kumva kuti akauze kwao.

Thandizo kwa nzika zao

M'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, George ndi Kalikiliki, muli mabanja ambiri ocokera ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Congo ndi Tanzania. Ena makolo ao anabwera kudzafuna nchito m'nthawi ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, ndipo ena anafika posacedwapa. Kwa amene akali nzika za maikowo, ofesi ya kazembe ndiyo boma lao pano pa Lusaka.

Mmalawi amene wataya pasipoti amayamba wakanena ku polisi, kenaka amapita ndi kalata ya apolisi ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Kumeneko amafunsidwa dzina, mudzi, mfumu ndi boma la kwao, kuti atsimikize kuti ndi nzika yaodi. Akakhutira angamupatse cikalata ca ulendo umodzi cobwerera naco kwao, kapena kumulangiza za kapezedwe ka pasipoti yatsopano.

Mlendo akamangidwa, pangano la 1963 limati apolisi amuuze kuti ali ndi ufulu wodziwitsa ofesi ya dziko lake, ndipo iye akapempha, ofesiyo iuzidwe mosacedwa. Anchito a ofesiyo angamuyendere m'ndende, angadziwitse abale ake, ndiponso angamuthandize kupeza loya. Koma sangamutulutse, sangalamule woweruza, ndipo nthawi zambiri salipira loya kapena faindi. Pakagwa maliro, ofesi imathandiza pa makalata ofunika kuti thupi lidutse pa malire, monga pa Mwami popita ku Mchinji, koma bokosi ndi galimoto zimakhala pa mapewa a banja.

Pali zinthu zimene ofesi ya kazembe ilibe nazo mphamvu konse. Cilolezo cokhala kapena kugwira nchito m'Zambia cimaperekedwa ndi nthambi ya Immigration, motsata lamulo loona za olowa ndi otuluka m'dziko. Masiku a mlendo akatha, kazembe wake sangawaonjezere. Unzika wa Zambia nawo umaperekedwa ndi boma la Zambia lokha. Malamulo aakulu a dziko lino, monga anakonzedwera mu 2016, amati mwana ndi nzika mwa kubadwa ngati mmodzi mwa makolo ake ndi nzika. Kubadwira m'cipatala ca Lusaka pakokha sikukwanira. Amene makolo ake onse ndi akunja angapemphe unzika ku bungwe la Citizenship Board of Zambia. Kusintha kwa 2016 komweko kunalolanso munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Othawa nkhondo ali ndi khomo laolao, lomwe ndi ofesi ya Commissioner for Refugees pamodzi ndi bungwe la UNHCR.

Nkhani ya viza

Nzika ya Zambia imafika pa ofesi ya kazembe wa dziko lina makamaka pofuna viza, cilolezo colowera m'dzikolo. Pasipoti ndi viza n'zosiyana. Pasipoti imacokera ku boma la Zambia, kwa munthu amene ali ndi citupa ca NRC, cimene ambiri amati reji. Viza imacokera ku dziko limene munthu afuna kupitako. Popita kukaceza kwa masiku owerengeka ku Malawi, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania kapena South Africa, nzika ya Zambia sifunikira kupempha viza, koma kuloledwa kuceza si kuloledwa kugwira nchito.

Masiku ano pempho la viza limayambira pa intaneti. Munthu amalemba fomu, amalipira, ndipo amapatsidwa tsiku lokaonekera. Maiko ena, monga Britain, analemba makampani olandira mapepala ndi kutenga zidindo za zala, koma makampaniwo sagamula kanthu. Wogamula ndi wanchito wa boma la dzikolo. Iye amafuna kudziwa cifukwa ca ulendo, amene adzalipira zofunika, ndi cimene cidzabweza wopemphayo kwao, monga nchito, sukulu, banja kapena bizinesi. Ndalama yolipira pa pempho sibwezedwa ngakhale viza ikanidwe.

Malamulo a viza amasintha kawirikawiri. Mu Ogasiti 2025, boma la America linayamba kufuna cikole ca madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa nzika za Zambia ndi Malawi zopempha viza yokaceza kapena ya bizinesi, ndipo mu Disembala caka comweco linalengeza ziletso zina pa maviza a nzika za maiko angapo, kuphatikizapo awiriwa. Motero munthu asadalire zimene anamva kwa mnzake amene anapita zaka zapitazo. Afunse ku ofesi yeniyeniyo kapena awerenge pa tsamba lake la pa intaneti asanalipire ngwee ili yonse. Safunsa anadya phula.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalirira. Munthu amabwera m'komboni, kapena amalemba pa Facebook ndi WhatsApp, kunena kuti ali ndi mnzake mkati mwa ofesi ya kazembe. Banja limagulitsa puloti, limatenga kaloba kapena kudya ndalama za cilimba, ndipo munthuyo amazimirira. Palibe munthu wapakati amene angagule viza. Wopereka makalata abodza a ku banki kapena a ku nchito angaletsedwe kulowa m'dzikolo kwa zaka zambiri, ndiponso angaimbidwe mlandu wa cinyengo konkuno. Coopsa koposa ndi malonjezo a nchito za m'nyumba kunja. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya azimai a ku Malawi oposa 50 amene anavutika ku Oman, atalandidwa mapasipoti ndi mabwana ao, mpaka anacita kuomboledwa. Zambia ili ndi lamulo la 2008 loletsa malonda ogulitsa anthu, ndipo wokayikira lonjezo lotere ayenera kufunsa ku unduna wa za nchito kapena ku polisi asananyamuke.

Maphunziro ndi citukuko

Maofesi a akazembe amalengezanso mwai wa maphunziro. Britain ili ndi Chevening, America ili ndi Fulbright, ndipo Japan, China, India ndi Russia nazo zimapereka malo m'masukulu ao apamwamba. Ambiri mwa malo amene maboma akunja amapereka ku boma la Zambia amalengezedwa ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board. Malowa amapikisanidwa potengera zotsatira za mayeso, sagulitsidwa.

Thandizo lalikulu limapangidwa pakati pa boma ndi boma, ndipo ofesi ya kazembe imakhala mkhalapakati ndi diso la dziko lopereka. Zambia ndi China anakhazikitsa ubale pa 29 Okutobala 1964, patangopita masiku asanu dziko lino litalandira ufulu, ndipo ubalewo unabala njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860, imene inamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975. Cipatala ca Levy Mwanawasa, cimene cinatsegulidwa mu 2011 ndipo cimalandira odwala ambiri a ku Mtendere, Kalingalinga ndi Kalikiliki, cinamangidwa ndi thandizo la China. M'zaka za m'ma 1990, Japan inathandiza kuika zitsime, matanki ndi mipopi ya madzi ku George. Pakati pa 2013 ndi 2018, America inapereka madola pafupifupi 355 miliyoni pa nchito ya madzi, zimbudzi ndi ngalande mu Lusaka, ndipo mipopi ya ku Mtendere inali mbali ya nchitoyo.

Thandizo lotere lili ndi mfundo zake, ndipo lingacotsedwe. Mu Meyi 2025, a Michael Gonzales, amene anali kazembe wa America pa nthawiyo, analengeza kuti dziko lao lidula madola 50 miliyoni pa caka pa thandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwala operekedwa mwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa. Zokambirana za m'maofesi amenewa zimafika mpaka pa windo lolandirira mankhwala ku kiliniki ya m'komboni.

Maofesi ena ali ndi thumba laling'ono lothandizira magulu, monga masukulu a m'madera ndi makalabu a azimai. Amafuna gulu lolembetsedwa ku boma, lokhala ndi akaunti ku banki ndi ndondomeko yolembedwa. Sapereka ndalama za lendi, za maliro kapena mpamba kwa munthu payekha.

Citetezo ca akazembe ndi ufulu wa anchito

Ambiri amati mkati mwa mpanda wa ofesi ya kazembe ndi nthaka ya dziko lina. Si zoona. Nthaka ya ku Ibex Hill ndi ya Zambia. Cimene pangano limanena n'cakuti apolisi ndi asilikali a dziko lolandira sangalowemo popanda cilolezo ca kazembe, ndiponso kuti boma lili ndi udindo woteteza malowo. Mu Seputembala 2019, pamene ophunzira a mu Lusaka anaguba mpaka pa geti ya ofesi ya South Africa podandaula za kuzunzidwa kwa alendo m'dzikolo, inali nchito ya apolisi a Zambia kuchinjiriza ofesiyo.

Kazembe ndi anzake a udindo wa ukazembe sangamangidwe kapena kuzengedwa mlandu wa upandu m'makhoti a dziko lino. Colinga n'cakuti agwire nchito mosaopsezedwa, monganso akazembe a Zambia amatetezedwera kunja. Koma pangano lomwelo limawalamula kulemekeza malamulo a dziko lowalandira. Wina akapalamula, dziko lake lingamucotsere citetezoco kuti aweruzidwe konkuno, kapena lingakamuweruze kwao. Galimoto ya nambala ya CD ikagunda munthu, nkhani siithera pomwepo. Lembani nambala yake, kaneneni ku polisi, ndipo tengani lipoti la apolisi ndi la cipatala. Dandaulo limapita ku kampani ya inshuwalansi ndi ku unduna woona za maiko akunja. Dalaivala wa Cizambia wolembedwa konkuno alibe citetezo conga ca kazembe.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri amene amagwira nchito m'nyumba za akazembe. Pangano la 1961 limanena momveka kuti wa udindo wa ukazembe akalemba nchito nzika ya dziko lomulandira, ayenera kutsata malamulo a dzikolo a za penshoni. Kuno ndiye kuti wanchito alembetsedwe ku NAPSA. Boma limaikanso malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba, ndipo mu Januwale 2024 linawaika pa K1,300 pa mwezi. Vuto n'lakuti kumutengera kazembe ku khoti n'kovuta cifukwa ca citetezo cake, ndipo zaka zake zikatha amanyamuka. Mlendo ndi mame. Wanchito wanzeru amapempha kalata ya mgwirizano pa ciyambi, amasunga mapepala a malipiro, ndipo pakabuka mkangano amapita msanga ku ofesi ya za nchito ndi ku unduna woona za maiko akunja bwanayo asanakwere ndege.

Kazembe akasemphana ndi boma

Kazembe saloledwa kulowerera ndale za m'dziko limene akukhala, ngakhale kuti malire a kulangiza ndi kulowerera amakhala okanganirana. Boma likaona kuti wapyola, lingalengeze kuti silikumufunanso, ndipo dziko lake liyenera kumuitanitsa.

Mu 2018, Zambia inapempha Cuba kuti icotse kazembe wake, a Nelson Pages Vilas, atalankhula pa mwambo wokhazikitsa cipani ca Socialist Party. Mu Disembala 2019, America inaitanitsa a Daniel Foote atadzudzula cigamulo ca khoti copereka zaka 15 kwa amuna awiri a ku Kapiri Mposhi pa mlandu wogonana amuna okhaokha, ndipo a Edgar Lungu, amene anali mtsogoleri wa dziko, ananena kuti boma silingagwirenso nao nchito. Ku Malawi, mu Epulo 2011, boma la a Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, kalata yao yacinsinsi yodzudzula ulamuliro itaululika. Britain inabwezera pothamangitsa woimira Malawi ku London, ndipo patapita miyezi yowerengeka inaimitsa thandizo la ndalama ku bajeti ya boma. Caka cimeneco anthu wamba a ku Malawi anali kale pa mavuto a kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja.

Maofesi a Zambia kunja

Zonse zimene ofesi ya Malawi imacitira Mmalawi mu Lusaka, ofesi ya Zambia imacitira Mzambia kunja. Dziko lino lili ndi akazembe ku Lilongwe, Harare, Maputo, Dar es Salaam, Pretoria, Addis Ababa, London, Washington, Beijing, Moscow ndi m'malikulu ena. Kumene kulibe ofesi, kazembe wa m'dziko loyandikana ndiye amayang'anirako.

Kufunika kwa maofesiwa kumaoneka pa tsiku la tsoka. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu Febuluwale 2022, boma linatulutsa nzika zake, makamaka ophunzira, kudzera ku Poland mpaka kufika nazo ku Lusaka. Kumapeto kwa caka comweco, unduna woona za maiko akunja unafunsa boma la Russia za imfa ya wophunzira wa Cizambia amene anali m'ndende kumeneko koma anakafera ku nkhondo, ndipo thupi lake linafika kuno mu Disembala. Pa zipolowe zolimbana ndi alendo ku South Africa mu 2008, 2015 ndi 2019, maofesi a akazembe a maiko a m'cigawo cino ndiwo anali kuwerenga nzika zao ndi kukonza za amene anafuna kubwerera kwao.

Ofesi singathandize munthu amene siikumudziwa. Wopita kukakhala kunja, kaya ndi wophunzira, namwino, dalaivala wa mathiraki kapena mai wa malonda, akalembetse dzina lake ku ofesi ya Zambia ya kumeneko. Asiye kwa abale cithunzi ca pasipoti ndi reji, dzina la omulemba nchito ndi adiresi ya kumene akukhala, ndipo pasipoti yake asaipereke kwa bwana kuti amusungire. Masatifiketi a sukulu, a ukwati ndi a kubadwa ofunika kukagwira nchito kunja amayamba atsimikizidwa ndi unduna woona za maiko akunja mu Lusaka, ndipo maiko ena amafunanso cidindo ca ofesi ya kazembe wao.

Mwacidule, nkhani ili yonse ili ndi khomo lake. Pasipoti, reji ndi unzika n'za boma la Zambia. Cilolezo ca mlendo cokhala m'dziko lino n'ca Immigration. Viza ndi ya dziko limene munthu akupitako. Mlendo wovutika mu Lusaka apite kwa kazembe wa kwao, ndipo Mzambia wovutika kunja afune mbendera ya Zambia. Pa makomo onsewa, ndalama zololedwa zimalipiridwa ku banki kapena pa kauntala ndipo zimakhala ndi lisiti. Wopempha ndalama pa geti, m'minibasi kapena pa foni kuti akulowetseni mwa njira yacidule si wotumidwa ndi kazembe ali yense.